Willow Allen, woonetsa zovala wochokera ku Inuvik: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri akamva za ntchito yoonetsa zovala amaganiza za Paris, Milan kapena New York, ndipo ndi ochepa amene angaganize za tauni ya anthu pafupifupi 3,000 komwe dzuwa silituluka kwa mwezi wathunthu. Koma ku tauni yotereyi, ya Inuvik, kumpoto kwenikweni kwa dziko la Canada, n'kumene kunachokera Willow Allen. Mayankho ali m'munsiwa akufotokoza za iye, za kwawo, komanso za amayi osoka zovala a mtundu wake, pakuti nkhani ya Allen singamveke bwino amayi amenewa atasiyidwa kunja.

Kodi Willow Allen ndi ndani?

Ndi mayi wachitsikana wa mtundu wa Inuit amene anakulira ku Inuvik, m'chigawo cha Northwest Territories, ndipo amagwira ntchito yovala ndi kuonetsa zovala za makampani, ntchito ya anthu amene ambiri timangowatchula kuti mamodelo. Wagwirako ntchitoyi m'dziko la Canada ndi kunja, kuphatikizapo ku Singapore. Amadziwikanso ndi mavidiyo afupiafupi a pa TikTok ndi Instagram oonetsa moyo wa kwawo, ndipo pambali pa zonsezi anasankha maphunziro a ntchito yosamalira anthu ovutika m'madera.

Nanga a Inuit ndi anthu otani, ndipo bwanji ena amati Allen ndi wa Inuvialuit?

A Inuit ndi eni nthaka a madera ozizira kwambiri a kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo amapezeka ku Canada, ku Greenland, ku Alaska ndiponso, ochepa, kum'mawa kwa Russia. M'chinenero chawo liwu loti Inuit limatanthauza anthu, ndipo munthu mmodzi amatchedwa Inuk. Dzina loti Eskimo, lomwe likupezekabe m'mabuku akale a sukulu, anapatsidwa ndi alendo, ndipo ambiri mwa iwo ku Canada ndi ku Greenland amalikana chifukwa amaliona kukhala lonyoza.

Kalembera wa mu 2021 anapeza kuti ku Canada kuli a Inuit oposa 70,000. Dziko lawo amalitcha Inuit Nunangat, ndipo lili ndi zigawo zinayi: Nunatsiavut, Nunavik, Nunavut ndi dera la Inuvialuit, lomwe lili kumadzulo kwa zigawo zonsezo. Allen ndi wa dera lakumadzuloli. A Inuvialuit ali ndi chilankhulo chawo, Inuvialuktun, chomwe ochilankhula bwino atsala ochepa, ndipo mu 1984 anasainirana ndi boma la Canada pangano lalikulu lokhudza malo awo ndi ufulu wawo wosaka nyama. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa zovala, nyimbo ndi kalankhulidwe ka kumadzulo si zofanana ndendende ndi za ku Nunavut kapena ku Greenland, ngakhale anthuwa ndi amodzi.

Kodi ku Inuvik n'kotani?

Inuvik ili m'mphepete mwa nthambi ina ya mtsinje wa Mackenzie, pomwe mtsinjewo umagawikana kukhala timitsinje ndi tinyanja tambirimbiri usanathire m'nyanja ya Beaufort. Ndi tauni yatsopano: boma linaimanga m'zaka za m'ma 1950 kuti ilowe m'malo mwa Aklavik, komwe madzi ankasefukira kawirikawiri. Nthaka yake ndi youndana chaka chonse pansi pake, motero nyumba amazimanga pamwamba pa mizati kuopa kuti kutentha kwa m'nyumba kungasungunule nthaka nyumbayo n'kutitimira, ndipo mapaipi a madzi amadutsa pamtunda m'timakonde totchingidwa bwino.

M'nyengo yozizira kuzizira kumatha kufika madigiri 40 pansi pa ziro, ndipo kwa masiku pafupifupi 30 dzuwa silioneka konse, kotero kuti likatulukanso mu Januwale anthu amachita chikondwerero. M'nyengo yotentha zimatembenuka, dzuwa limakhala osalowa kwa masiku oposa 50. Msewu wokhawo wolumikiza tauniyi ndi kum'mwera ndi Dempster Highway, wamiyala, wotalika makilomita oposa 700, ndipo msewu wopita ku Tuktoyaktuk kunyanja unatsegulidwa mu 2017. Katundu wa m'sitolo amakwera mtengo kwambiri chifukwa cha mtundawu, ndiye chifukwa chake nsomba, nyama ya caribou (yofananako ndi mphalapala) ndi muktuk, womwe ndi khungu ndi mafuta a namgumi, si zakudya za mwambo chabe koma ndiwo zenizeni za pabanja.

Munthu wokulira kutali chonchi analowa bwanji m'ntchito ya mafashoni?

Njira yake inadzera pa intaneti. Zithunzi zake zinaonedwa ndi bungwe lina losaka ndi kuyang'anira mamodelo la mumzinda wa Edmonton, womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kum'mwera kwa Inuvik, ndipo kuchokera pamenepo anayamba kupeza ntchito mpaka kukafika ku Singapore. Kale osaka mamodelo ankayendayenda m'misika ikuluikulu ndi m'misewu ya m'mizinda, ndipo mwana wa ku Inuvik sakanakumana nawo. Foni ya m'manja ndi imene inafupikitsa mtunda umenewu.

Ulendo wa ku Singapore ndi woyenera kuuganizira pang'ono. Munthu anazolowera chijasi chaubweya ndi mdima wa mwezi wathunthu akupezeka mumzinda wa anthu oposa 5 miliyoni, pafupi ndi mzere wa equator wogawa dziko lapansi pakati, komwe kumatentha madigiri 30 pafupifupi tsiku lililonse, ndiponso komwe dzina loti Inuvialuit ndi lachilendo m'makutu mwa anthu. Pa malo oterowo munthu amasankha chimodzi: kulola kuti ena amuganizire mtundu uliwonse umene akufuna, kapena kufotokoza mobwerezabwereza za kwawo. Ntchito yonse ya Allen ikusonyeza kuti iye anasankha kufotokoza.

Kodi ntchito imeneyi imayenda bwanji, ndipo ndi yolemeretsa monga imaonekera?

Chimene timaona m'magazini ndi mapeto chabe. Modelo amakhala ndi bungwe lomuimira, lomwe limamufunira ntchito n'kumadula gawo la malipiro ake, kawirikawiri cha m'ma 20 pa 100 alionse. Masiku ambiri amathera pa kuyesedwa: amanyamula buku la zithunzi zake, amakaima pamzere ndi atsikana ena ambiri, amauzidwa kuti ayende kuchoka pakhomo kufika pa tebulo n'kubwerera, amajambulidwa kamodzi kapena kawiri, ndipo pakatha mphindi zochepa amatuluka osadziwa ngati amufuna. Kuyesedwaku salipidwa. Akatumizidwa kudziko lina, bungwe limamulipirira ndege ndi nyumba ngati ngongole, ndipo ngongoleyo imachotsedwa pa malipiro ake, kotero kuti alipo ambiri amene amabwerera kwawo chimanjamanja atagwira ntchito miyezi ingapo.

Zionetsero zikuluzikulu zimachitika kawiri pachaka ku New York, London, Milan ndi Paris, koma ndalama zodalirika zimachokera m'malonda otsatsa zovala ndi zodzoladzola. Kwa munthu wa kumpoto pali mtolo wina woonjezera, woti ulendo wa pandege wopita kwawo ndi wodula kwambiri, motero kupita ku maliro kapena kukacheza ndi achibale si chinthu chimene angangochiganiza lero n'kunyamuka mawa.

Kodi Project Atigi n'chiyani, ndipo Allen anatengapo mbali yanji?

Iyi ndi ntchito imene kampani ya Canada Goose, yopanga zijasi za m'nyengo yozizira ku Toronto, inayamba mu 2019 mogwirizana ndi osoka a mtundu wa Inuit. Atigi ndi liwu la chinenero cha Inuktitut lotanthauza chijasi. M'chaka choyamba osoka 14 anapanga zijasi motsatira luso la kwawo pogwiritsa ntchito nsalu za kampaniyo, ndipo ndalama zogulitsira zinapita ku Inuit Tapiriit Kanatami, bungwe loimira a Inuit onse a ku Canada.

Mu 2022 zijasi za ntchitoyi anazikonza ndi Victoria Kakuktinniq wa ku Rankin Inlet m'chigawo cha Nunavut, mwini wa Victoria's Arctic Fashion, yemwe anali ataonetsako kale zovala zake ku Paris mu 2019 ndi ku New York mu 2020. Amene anavala zijasizo pa zithunzi zotsatsa anali amayi atatu a mtundu wa Inuit: Willow Allen, katswiri wa zisudzo Marika Sila, ndi Shina Novalinga, amene anatchuka poimba ndi mayi ake nyimbo za pakhosi zotchedwa katajjaq. Kwa ine apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonseyi. Wokonza chovala, ochivala ndi olandira ndalama anali a mtundu umodzi, ndipo aliyense anatchulidwa dzina. M'mbiri ya zovala za a Inuit zimenezi sizinali kuchitika kawirikawiri.

Kodi zovala za a Inuit zili ndi chiyani chapadera?

Zinapangidwa kuti munthu asafe. Mlenje wokhala tsiku lonse pa madzi oundana kudikirira nyama ankadalira msoko wa mkazi wake monga ankadalira mkondo wake, ndipo msoko umodzi wolowa mphepo kapena madzi unkatha kumudulitsa chala kapena kumutayitsa moyo. Chifukwa cha ichi kusoka sikunali ntchito yapambali, ndipo mtsikana ankayamba kuphunzira akadali wamng'ono poyang'ana manja a amayi ake ndi agogo ake.

Chovala cha m'nyengo yozizira chinali cha zikopa ziwiri za caribou, nyama ya nyanga zanthambi yofananako ndi mphalapala. Chikopa chamkati ubweya wake unkayang'ana kuthupi, chakunja ubweya unkayang'ana kunja, ndipo mpweya wotsekeredwa pakati pake ndi umene unkasunga kutentha. Ubweya wa caribou ndi wamphako mkati, choncho umafunditsa koma ndi wopepuka. M'mbali mwa chipewa cholumikizidwa ku chijasi ankaikamo ubweya wa nyama monga wolverine, chifukwa mpweya wa m'kamwa ukaundana pa ubweya umenewu umayoyoka msanga munthu akangoupukuta. Nsapato zotchedwa kamik ankazisoka ndi chikopa cha seal, nyama ya m'nyanja imene ena amaitcha katumbu wa m'nyanja. Wosoka ankapala chikopacho ndi mpeni wa amayi wooneka ngati mwezi wongokhala kumene, wotchedwa ulu, ankachifewetsa pochitafuna ndi mano, ndipo posoka ankalowetsa singano pakati pa chikopa osaboola mpaka kuseri, kuti pasakhale kabowo kolowera madzi. Ulusi wake unali wa mitsempha ya nyama, womwe ukanyowa umafufuma n'kutseka msoko wonse.

Chovala chodziwika koposa ndi amauti, chijasi cha amayi chokhala ndi thumba lalikulu kumsana, pansi pa chipewa, momwe mwana amakhalamo. Owerenga amene anaberekedwa ndi mbereko kapena chitenje aimva msanga nzeru yake. Mwanayo amakhala atagunda msana wa mayi ake n'kumamva kutentha kwa thupi lawo, ndipo mapewa a chovalacho ndi otakasuka mokwanira kuti mayi amutembenuzire kutsogolo n'kumuyamwitsa osamutulutsa kunja kozizira. Kumadzulo, kwawo kwa Allen, kuli chijasi china cha amayi chansalu yamaluwa, chachitali ndi chamapindo kumunsi, chomwe chimakongoletsedwa ndi timizere ta tinsalu tamitundumitundu tosokedwa mosanjikiza, luso lodziwika ndi dzina loti Delta braid chifukwa ndi la m'dera la mtsinje wa Mackenzie. Munthu wodziwa akangoona kadulidwe ka chovala amatha kunena dera limene wochivala akuchokera.

Ngakhale chijasi chachipewa chimene anthu amavala lero m'mizinda yozizira ya dziko lonse chinatengera nzeru ya anthu a kumpotowa, koma amene anachiyambitsa satchulidwa pa chikwangwani cha sitolo iliyonse.

N'chifukwa chiyani a Inuit amadandaula makampani akatengera kapangidwe ka zovala zawo?

Chifukwa zachitikapo kangapo popanda kupempha, kutchula eni ake kapena kuwalipira. Mu 1999 kampani ya Donna Karan ya ku New York inatumiza anthu kumpoto chakumadzulo kwa Canada kukagula zovala zachikhalidwe, ndipo bungwe la amayi a Inuit lotchedwa Pauktuutit linadzudzula poopa kuti amauti ayamba kupangidwa m'mafakitale, kenako linayambitsa ntchito yofufuza njira zotetezera chovalachi. Mu 2015 kampani ya KTZ ya ku London inagulitsa juzi yokhala ndi zizindikiro zotengedwa pa chovala chopatulika cha sing'anga wina wa ku Nunavut, chomwe chimaoneka pa chithunzi chakale. Mbadwa za sing'angayo zitadandaula poyera, kampaniyo inapepesa n'kusiya kugulitsa juziyo.

Vuto lake ndi loti malamulo oteteza luso amayang'ana munthu mmodzi wodziwika amene wapanga chinthu chatsopano, ndipo chitetezocho chimatha pakapita zaka. Amauti alibe mwini mmodzi, ndi a mibadwo yonse, motero lamulo limawaona ngati chinthu chimene aliyense angatole. Ndipo nkhani ya kutchulidwa dzina ili ndi bala lake pakati pa a Inuit. Kuyambira m'zaka za m'ma 1940 boma la Canada, polephera kulemba maina awo, linkawapatsa manambala olembedwa pa kachikopa kozungulira kovala m'khosi, okhala ndi chilembo E kwa akum'mawa ndi W kwa akumadzulo. Mchitidwewu unatha cha m'ma 1970, Abe Okpik, yemwe anali wa dera la Mackenzie, atayendera midzi ya kumpoto kulemba maina a mabanja. Anthu amene agogo awo ankaitanidwa ndi nambala sangaone mopepuka luso lawo likamagulitsidwa popanda dzina.

Kodi kuvala zikopa ndi ubweya si nkhanza kwa nyama?

Funsoli limafunsidwa kawirikawiri kwa mamodelo ndi osoka a Inuit pa intaneti, nthawi zina mwachipongwe. Yankho lawo ndi loti seal amasakidwa choyamba chifukwa cha nyama yake, yomwe banja limadya ndi kugawira anansi, ndipo chikopa ndi chotsalira chimene kukanakhala kuwononga kuchitaya.

Mbiri ikusonyeza kuti ziletso zinapweteka anthu amene sizinawalinge. Mu 1983 maiko a ku Ulaya analetsa zikopa za ana a seal aubweya woyera, omwe a Inuit sankawasaka n'komwe, koma msika wonse wa zikopa unagwa ndipo mabanja ambiri a kumpoto anataya njira yopezera ndalama zogulira mafuta ndi zipolopolo zosakira. Mu 2009 bungwe la European Union linaletsa malonda a katundu wochokera ku seal, ndipo ngakhale linapatula a Inuit pa chiletsocho, ogula anali atathawa kale. Ku United States lamulo la mu 1972 loteteza nyama zoyamwitsa za m'nyanja limaletsa kulowetsa zikopazi m'dzikomo pochita malonda, zomwe zimachititsa kuti wosoka wa ku Canada avutike kukagulitsa kumeneko zovala zimene amazidziwa bwino koposa. Munthu angathe kudana ndi ulimi wa nyama zaubweya m'zikwere, koma si chilungamo kuika mlenje wa ku Tuktoyaktuk m'gulu limodzi ndi mafakitale amenewo.

Nanga mizere imene amayi ena a Inuit amakhala nayo kumaso ndi chiyani?

Ndi mphini zachikhalidwe. Zonse pamodzi zimatchedwa kakiniit, ndipo za kumaso zimatchedwa tunniit. Kale ankazitema makamaka amayi, pogwiritsa ntchito singano ndi ulusi wopakidwa mwaye wa nyale yamafuta, ndipo zinkasonyeza zinthu monga kukula kwa mtsikana ndi banja lake. Amishonale anaziletsa pamodzi ndi nyimbo za pakhosi, mpaka zinatsala pa nkhope za agogo ochepa okha. M'zaka zaposachedwa amayi achitsikana ayambanso kuzitema, ndipo mu 2019 Mumilaaq Qaqqaq analowa nazo m'nyumba ya malamulo ya Canada monga phungu wa Nunavut. M'ntchito ya mafashoni, momwe nkhope ya modelo inkayenera kukhala yopanda chizindikiro chilichonse kuti wodzoza aikongoletse mmene akufunira, kuoneka kwa mphinizi pa zithunzi zotsatsa malonda ndi kusintha kwakukulu.

N'chifukwa chiyani Allen amathera nthawi pa mavidiyo a kwawo ndi pa maphunziro osamalira anthu, m'malo mongolimbikira za mafashoni?

Kuti timvetse, tiyenera kudziwa zimene zinachitikira mibadwo ya makolo a dera lake. Ana a eni nthaka pafupifupi 150,000 ku Canada anachotsedwa m'mabanja mwawo n'kuikidwa m'sukulu zogonera komweko zoyendetsedwa ndi boma ndi mipingo, komwe ankalangidwa akalankhula chinenero chawo ndipo ambiri anachitidwa nkhanza. Ku Inuvik kwenikweniko kunali nyumba ziwiri zogonera ana otere, Grollier Hall ya Akatolika ndi Stringer Hall ya Anglican, zomwe zinatsegulidwa mu 1959, ndipo Grollier Hall inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Komiti yofufuza choonadi pa nkhani ya sukuluzi ndi kuyanjanitsa anthu inatulutsa lipoti lake lomaliza mu 2015. Zipsera za nthawi imeneyo zikuonekabe m'madera a kumpoto: kutha kwa chinenero, uchidakwa, kusweka kwa mabanja, ndi kudzipha kwa achinyamata komwe kuli kochuluka kangapo kuposa m'dziko lonse la Canada.

Pamene mbiri ili chonchi, kavidiyo ka mphindi imodzi koonetsa munthu akudula muktuk ndi ulu, akuyanika nsomba, kapena akutchula liwu la Inuvialuktun si kanthu kakang'ono. Zomwe ana ankauzidwa kuti n'zochititsa manyazi zikuonetsedwa ndi munthu yemweyo amene nkhope yake ili pa malonda a makampani otchuka, ndipo oonera oyamba ndi ana a kwawo. Maphunziro osamalira anthu akuchokera pa muzu womwewo, popeza madera a kumpoto akhala akudalira alangizi ochokera kum'mwera amene amabwera kwa nthawi yochepa n'kubwerera asanadziwe bwino anthu amene akuwathandiza.

Kodi makampani sakungogwiritsa ntchito nkhope za eni nthaka kuti aoneke abwino?

Chiopsezo chimenechi chilipo, ndipo a Inuit eni ake amachinena. Ku Canada mwezi wa Juni ndi wokumbukira mbiri ya eni nthaka, ndipo n'kosavuta kuti kampani iitane modelo mmodzi m'mwezi umenewo, imujambule, kenako iiwale mpaka chaka chamawa. Poweruza ndimayang'ana zinthu zooneka: amene wakonza chovala ndani, dzina lake lalembedwa kodi, ndalama zapita kuti, ndipo modeloyo amaitanidwanso pa ntchito wamba monga kutsatsa mafuta odzola kapena nsapato, kapena amakumbukiridwa pokhapokha pakafunika chipale chofewa kumbuyo kwa chithunzi. Palinso mfundo yoti chijasi cha kampani yaikulu chimagulitsidwa pa mtengo umene mabanja ambiri a kumpoto sangaukwanitse, pamene wosoka wa m'mudzi amavutika kupeza wogula amene angalipire masabata onse amene wathera pa chovala chimodzi.

Kodi mtsikana wa kumpoto wofuna ntchitoyi lero ayenera kusamuka kwawo?

Mabungwe oimira mamodelo ndi makampani olemba ntchito akadali m'mizinda ya kum'mwera, choncho kuyenda sikungapeweke. Komabe makomo achuluka kusiyana ndi kale. Ku Vancouver kwakhala kukuchitika sabata ya mafashoni a eni nthaka kuyambira mu 2017, ndipo ku Toronto chionetsero chotere chinayamba mu 2018, ndipo m'malo onsewa osoka amafuna kuti zovala zawo zivalidwe ndi anthu a mitundu yawo, a misinkhu ndi matupi osiyanasiyana. Osoka ambiri a Inuit amagulitsa ndolo zamikanda, magolovesi achikopa ndi zijasi kudzera pa Facebook ndi Instagram ali m'midzi yawo, ndipo amafunika owavalira pa zithunzi, omwe kawirikawiri amakhala achemwali awo kapena ana a anansi. Ku Inuvik komweko chikondwerero cha zaluso cha Great Northern Arts Festival, chomwe chinayamba mu 1989, chimachitika m'nyengo imene dzuwa sililowa, ndipo pa ndondomeko yake pamakhala chionetsero cha zovala za kumpoto, pomwe ovala amayenda pamaso pa anthu amene anasoka zovalazo.